Msuzi wa Nyemba ndi Timbande ta Masamba: Nkhani kwa Amayi a ku Sikelo ya Ana

 Kulemera kwa mwana aliyense kumalembedwa m'kabuku kake mwezi ndi mwezi, ndipo inu nomwe mumawona ngati mzere wa pakhadi ukukwera, waima, kapena ukutsika. Chimene chimakweza mzerewo kaŵirikaŵiri ndi chakudya chimene mwana amadya tsiku ndi tsiku. Chotero nkhani yathu ya lero ndi ya pamafuŵa. Tikambirana za kaphikidwe ka msuzi wa nyemba wothira timbande ta masamba, umene sulira nyama, sutha nkhuni zambiri, ndipo upsa msanga.

MSUZI WAKE UTI?

Poyamba timvane bwino pa liwu lakuti msuzi. M'makomo ambiri nyemba zikapsa, mayi amatapa madzi a pamwamba, nanyikamo nsima, napatsa mwana. Nyemba zenizenizo zimapita m'mbale ya abambo ndi ya ana okulirapo. Mwana amakhuta ndithu, amaleka kulira, nagona tulo. Koma chimene wakhuta ndi ufa ndi madzi a mchere. Zinthu zomanga thupi zimatsalira m'nyemba, ndipo zimene zimasungunukira m'madzi ake nzochepa kwambiri. Mwana wodyetsedwa chotere miyezi yambiri amapinimbira ngakhale kuti m'nyumbamo mumaphikidwa nyemba mlungu uliwonse.

Msuzi umene tikunena lero ndi wina. Nyemba zonse zimaphwanyidwa ndi kusanduka msuziwo, ndipo masamba amaloŵa momwemo, kotero kuti supuni iliyonse imene mwana ameza ili ndi chakudya chenicheni. Njira youyesera njapafupi: tapani ndi supuni, muipendeke pang'ono. Ngati msuzi uchucha ngati madzi, ngwamadzimadzi, ndipo sufika pofuna mwana. Ngati ukangamira pasupuni nugwa pang'onopang'ono, wakhala bwino.

Nkhaniyi njaikulu m'dziko lathu. Kafukufuku wa zaumoyo amene anachitika m'Malaŵi monse mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5, ana 37 anali opinimbira. Anapezanso kuti mwa ana 100 a miyezi 6 kufikira miyezi 59, ana 63 anali ndi magazi ochepa. Kupinimbira kumayamba makamaka mwana asanakwanitse zaka 2, ndipo kukachitika nkovuta kukukonza pambuyo pake. Makolo athu ananena zowona kuti m'mera mpoyamba.

ZIMENE ZILI M'NYEMBA NDI M'MASAMBA

Kale anthu ankaphunzira magulu 3 a zakudya. Masiku ano tiphunzira magulu 6: zokhutitsa, za nyemba, zochokera ku nyama, zamasamba, zipatso, ndi za mafuta. Msuzi wathuwu, ukadyedwa ndi nsima kapena phala, umasonkhanitsa magulu 4 m'mbale imodzi, ndipo mwana akadyanso chipatso afika pa magulu 5.

Nyemba zouma zili ndi mapuloteni, ndiwo zinthu zomanga thupi, okwana pafupifupi magalamu 20 pa magalamu 100 alionse. Chimanga chili ndi mapuloteni ake, koma ngoperewera mbali ina, ndipo mbali imeneyo ipezeka m'nyemba. Nchifukwa chake nsima ndi nyemba zimathandizana zikadyedwa pamodzi. M'nyemba mulinso ayironi, amene thupi limapangira magazi. Pali mitundu ina, monga NUA 45, imene akatswiri a zaulimi anasankha chifukwa chakuti ili ndi ayironi wochulukirapo. Mukaipeza gulani, koma napilira, kholophethe, kalima, ngakhalenso khobwe, nandolo ndi nzama, zonsezi nzabwino pa msuzi umenewu.

Masamba obiriŵira kwambiri ali ndi zinthu zimene thupi limasandutsa vitamini A, woteteza maso ndi wothandiza mwana kulimbana ndi matenda. Alinso ndi vitamini C, amene amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'nyemba. Koma vitamini A wa m'masamba saloŵa bwino m'thupi popanda mafuta. Chotero supuni ya mafuta ophikira kapena nsinjiro isasoŵe mumphika.

Komabe musayese kuti msuziwu walanda malo a dzira, usipa, matemba kapena mkaka. Mwana wamng'ono afunika zochokera ku nyama kaŵirikaŵiri monga mungathere. Ubwino wa msuzi wa nyemba ngwakuti tsiku limene zimenezo zasoŵa, mwana sagona ndi nsima yonyika m'madzi.

MADANDAULO ATATU

Tikamalimbikitsa nyemba, amayi amatchula zovuta zitatu, ndipo zonse nzomveka.

Choyamba nchakuti nyemba zimachedwa kupsa ndipo zimatha nkhuni kapena makala. Nzowona: nyemba zouma zosaviika zingakhale pamoto maola 2 kapena 3. Mankhwala ake ndiwo kuziviika m'madzi usiku wonse, maola 8 kufikira 12. Zikatero zimamwa madzi nkufeŵa, ndipo mukazichotsanso timakungu, monga tichitira pophika chipere, zimapsa m'mphindi 30 kapena 40. Nyemba zimene zakhalitsa m'thumba zimachedwerapo. Musafulumizitse nyemba kapena masamba ndi soda kapena chidulo, pakuti zimenezi zimawononga mavitamini.

Chachiŵiri nchakuti nyemba zimadzaza mwana mpweya m'mimba. Kuviika, kutaya madzi oviikirawo, kuchotsa timakungu ndi kuphika mpaka zitapsa kwenikweni, zonsezi zimachepetsa vutoli. Muyambe ndi pang'ono, ndipo mimba ya mwana idzazoloŵera.

Chachitatu nchakuti m'chilimwe, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, masamba amasoŵa, ndipo pamsika amakwera mtengo. Si banja lililonse limene lili ndi dimba. Apa mpamene timbande tithandiza.

TIMBANDE TA MASAMBA

Amayi amene munafesapo nazale ya mpiru kapena repu mudziŵa kuti mbande zikathithikana timapatulira, ndipo tozulidwato ambiri amangotaya. Timbande timeneto ndi ndiwo zabwino. M'maiko ena anthu amafesera dala timbande totere kuti adye tidakali tating'ono, ndipo m'Chingerezi amatitcha microgreens. Mu 2012 akatswiri a pa yunivesite ya Maryland ku America, pamodzi ndi a unduna wa zaulimi wa dzikolo, anayesa mitundu 25 ya timbande. Anapeza kuti, poyerekeza muyeso wofanana, tambiri tinali ndi mavitamini ochuluka kuposa masamba okhwima a mbewu zomwezo. Izi sizitanthauza kuti katsamba kamodzi kakwanira. Timbande ntopepuka, ndipo pafunika todzaza manja kuti mwana apindule. Phindu lake lalikulu kwa ife nlakuti timafuna malo ochepa, madzi ochepa ndi masiku ochepa, ndiponso ntofeŵa kotero kuti mwana wopanda mano atha kudya.

Mbewu zoyenera ndi bonongwe, mpiru, repu, chayinizi ndi khobwe. Bonongwe amakonda nyengo yotentha, ndipo tsinde limodzi lokhwima limapatsa njere zikwi zambiri, zokwanira kufesa miyezi ingapo. Kafesedwe kake nkotere:

1. Tengani beseni lakale, phale la mphika kapena thumba, muboole kunsi kuti madzi azituluka.

2. Thiranimo dothi lachonde lozama ngati zala zitatu zogundizana, ndiye kuti masentimita 5. Ngati muthira manyowa, akhale owolerana bwino, osanunkha.

3. Fesani mothithikana, mufotsere ndi dothi pang'ono chabe. Njere za bonongwe nzazing'ono, ndipo mukazikwirira kwambiri sizimera.

4. Thirirani mofatsa mmaŵa ndi madzulo kuti dothi likhale lonyowa koma losachita matope.

5. Ikani beseni pathandala kapena pamalo ena okwera, posafika nkhuku, mbuzi ndi agalu, pamene pafika dzuŵa la mmaŵa koma pali mthunzi masana.

6. Pakapita masiku 10 kufikira 21, timbande tikatalika ngati chala ndi kutulutsa timasamba tenitenito, dulani ndi mpeni woyera pamwamba pa dothi. Mizu isiyeni.

Timbande tambiri tikadulidwa sitiphukanso. Chotero khalani ndi mabeseni atatu, muzifesa limodzi mlungu uliwonse, ndipo simudzasoŵa masamba.

ZOYENERA KUSAMALA

Pali zinthu zinayi zimene ndikupemphani kuti muzigwiritsitse, pakuti kulakwitsa apa kungadwalitse mwana amene mufuna kumuthandiza.

Choyamba, musafese mbewu yothiridwa mankhwala. Mbewu zambiri za m'mapaketi a m'sitolo zimapakidwa mankhwala ophera tizilombo, ndipo mudzazizindikira ndi utoto wofiira, wobiriŵira kapena wa buluu. Pa timbande todyedwa patangopita masiku ochepa gwiritsani ntchito mbewu imene mwasunga nokha kapena yogula yopanda mankhwala. Nyemba zokhala ndi utoto wotere musaziphike konse, ngakhale mutazitsuka.

Chachiŵiri, si mbande iliyonse imene idyedwa. Mbande za matimati, mabilinganya, tsabola ndi mbatata ya kachewere zili ndi poizoni m'masamba mwake. Kambewu kalikonse kamene kamera m'beseni koma simukukadziŵa, kazuleni mutaye.

Chachitatu, samalani madzi ndi manyowa. Musathirire ndi madzi a m'ngalande, ochapira mateŵera kapena osambira. Musathire ndowe zaziŵisi kapena zitosi zatsopano. Timbande timakhala pafupi ndi dothi, ndipo tizilombo toyambitsa kutsekula m'mimba timafikapo mosavuta. Tonse tikumbukira kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Matenda otere amayenda m'madzi ndi m'chakudya chodetsedwa.

Chachinayi, mwana asadye timbande tatiŵisi. Kumaiko kumene anthu amakonda kudya mbewu zongomera kumene osaphika, ngozi zake zawonekapo. Mu 2011 ku Germany anthu zikwi zingapo anadwala ndipo oposa 50 anamwalira atadya mbewu zongomera zokhala ndi tizilombo. Thupi la mwana wosakwana zaka 5 silinalimbe ngati la munthu wamkulu. Tsukani timbande m'madzi abwino akumwa, ndipo nthaŵi zonse tiloŵe mumphika woŵira.

KAPHIKIDWE KAKE

Zofunika pa banja la anthu 5 kapena 6 ndi izi:

Makapu 2 a nyemba zouma
Anyezi mmodzi
Matimati 3 akupsa
Mbatata imodzi yofiira m'kati, kapena chidutswa cha dzungu
Masupuni aakulu 2 a mafuta ophikira, kapena masupuni 4 a nsinjiro
Timbande todzaza manja onse aŵiri, kaŵiri
Mchere wa ayodini pang'ono
Ndimu limodzi, ngati lilipo

Madzulo a dzulo lake, petani nyemba, muchotse timiyala, zowola ndi zofumbwa. Zitsukeni, muziviike m'madzi oyera ochuluka katatu kuposa nyembazo, ndipo muvundikire. Ntchito imeneyi siitha ngakhale mphindi 5, koma ndiyo imene idzakupulumutsirani nkhuni maŵa lake.

Kukacha tsatani izi:

1. Sambani m'manja ndi sopo. Tayani madzi oviikira nyemba. Fikisani nyembazo m'manja muli m'madzi ena, ndipo timakungu tidzasupuka ndi kuyandama. Tiyengululeni mutaye. Ngati mwana wanu wapitirira chaka ndipo nthaŵi yakuchepereni, mutha kuphika osasupula, koma zidzachedwerapo kupsa.

2. Ikani nyemba mumphika ndi makapu 6 a madzi atsopano. Sonkhezani moto kuti zibwate kwambiri mphindi 10 zoyambirira. Ichi nchofunika, pakuti nyemba zosapsa, makamaka zofiira, zili ndi poizoni wachibadwa amene amasanzitsa ndi kutsekula m'mimba, ndipo amatha ndi kubwata kokhakokha.

3. Chepetsani moto, muikemo mbatata kapena dzungu loduladula, muvundikire. Chivundikiro chimasunga kutentha ndipo chimapulumutsa nkhuni. Madzi akachepa, wonjezerani otentha.

4. Nyemba zili kupsa, kazingani anyezi ndi matimati m'mafuta m'kapoto kena. Musathire matimati m'nyemba zisanafeŵe, pakuti zoŵaŵasa zimachedwetsa nyemba kupsa. Ngati mafuta palibe, sungunulani nsinjiro m'madzi pang'ono, muthire pamodzi ndi anyezi ndi matimati nyemba zitafeŵa, ndipo ziŵire mphindi 10. Mtedza wosinjawo ukhale wosankhidwa bwino, wopanda chuku, wosafwifwa ndi wosaŵaŵa, chifukwa chuku chimawononga chiŵindi.

5. Tengani nyemba imodzi muifinye ndi zala. Ikaphwanyika yonse popanda kanthu kolimba pakati, zapsa. Thiranimo zokazingazo, ndipo takasani ndi mthiko kufikira nyemba ndi mbatata zitaphwanyika ndi kusanduka msuzi wolimbirapo.

6. Tsopano tsukani timbande, muduledule tating'onoting'ono, muthire mumphika msuzi uli kuŵira. Takasani, muvundikire mphindi 3, ndipo phulani. Timbande ntanthete, ndipo mukatiphikitsa mavitamini ake amawonongeka. Muzitsuka musanadule, pakuti kutsuka masamba odula kale kumataya zabwino zake m'madzi.

7. Patulani gawo la mwana wosakwana chaka musanathire mchere. Otsalawo thirani mchere pang'ono chabe. Madontho ochepa a ndimu pomaliza amakometsa msuzi ndi kuthandiza ayironi kuloŵa m'thupi.

Kuchokera pamene mphika wakhala pamoto kufikira pophula sipapita ola lathunthu. Banja lonse lidyera nsima msuzi womwewu, kotero kuti simuvutika kuphika miphika iŵiri.

KADYETSEDWE KA MWANA

Mwana wosakwana miyezi 6 asalaŵe msuziwu kapena chinthu china chilichonse, ngakhale madzi. Mkaka wa m'maŵere wokha umkwanira. Akakwanitsa miyezi 6 yambani kumpatsa zakudya zina, koma pitirizani kuyamwitsa kufikira zaka 2 kapena kupitirira.

Mwana wa miyezi 6 kufikira 8 muyambe naye ndi masupuni aakulu 2 kapena 3 pa nthaŵi imodzi, ndipo muziwonjezera pang'onopang'ono kufikira theka la kapu. Adye kaŵiri kapena katatu patsiku. Msuzi wake ukhale wosalala, wopanda zibulumwa, ndipo mutha kuusakaniza ndi phala la mgaiwa.

Mwana wa miyezi 9 kufikira 11 adye theka la kapu katatu kapena kanayi patsiku. Chakudya chake chingakhale ndi tizidutswa tofeŵa kuti aphunzire kutafuna, koma nyemba yathunthu musampatse, angatsamwidwe.

Mwana wa chaka chimodzi kufikira zaka 2 adye pafupifupi kapu yathunthu katatu kapena kanayi patsiku. Pakati pa zakudyazi mpatseni nthochi, papaya, mango kapena mbatata yophika. Kapu imene tikunena pano ndi ya tiyi yaikulu, ya mamililita 250.

Mwana akhale ndi mbale yakeyake. Akamadya m'mbale imodzi ndi akulu ake, iwo amatha ndiwo iye asanameze kaŵiri, ndipo inu simungadziŵe kuchuluka kwa chimene wadya. Msambitseni m'manja ndi sopo, mukhale naye pansi, mumdyetse moleza mtima ndi kumlankhula. Akakana tsiku loyamba musataye mtima, pakuti ana ambiri amalandira chakudya chatsopano atachilaŵa kangapo. Musamkakamize pomtseka mphuno kapena kumthira chakudya m'kamwa ndi dzanja, chifukwa chakudya chingaloŵe m'mapapo. Tiyi musampatse pa nthaŵi ya chakudya, pakuti amatchinga ayironi kuloŵa m'thupi.

Msuzi wa nyemba suchedwa kusasa, makamaka m'nyengo yotentha. Mpatseni mwana utangophulidwa ndi kuzizira pang'ono. Wotsala uvundikireni, ndipo ngati wakhala maola oposa 2, uŵiritseninso mpaka utabwata musanampatse. Wogona usiku mwana asadye.

Mwana akadwala musamleke chakudya. Ngakhale atsekule m'mimba, pitirizani kuyamwitsa ndi kumpatsa chakudya chofeŵa pang'onopang'ono koma kaŵirikaŵiri, mumpatse madzi a ORS, ndipo mupite naye kuchipatala. Akachira muwonjezereni chakudya chimodzi patsiku kwa milungu 2, kuti abweze thupi limene linatayika. Mukawona mapazi atatupa, tsitsi litasanduka lofiirira ndi lopyapyala, mwana akuwonda kapena akukana kudya, musadikire tsiku la sikelo. Msuzi suchiza matenda otere, ndipo mwana afunika kuwonedwa ndi achipatala msanga.

MAWU OTSIRIZA

Amayi, mwa zonse zimene takambirana, sungani izi. Chakudya cha mwana chili m'nyemba zenizenizo ndi m'masamba, chotero ziphwanyeni kuti adye zonse. Viikani nyemba madzulo, tayani madzi ake, ndipo zibwate kwambiri. Fesani timbande ndi mbewu yopanda mankhwala, thirirani ndi madzi oyera, ndipo mutiphike mphindi 3. Thirani mafuta kapena nsinjiro, koma soda ndi chidulo ayi.

Mukafika kunyumba, afotokozereni abambo ndi agogo a mwana zimene mwamva, pakuti iwonso ali ndi mawu pa kagaŵidwe ka chakudya m'banja, ndipo abambo angakuthandizeni kumanga thandala la mabeseni. Mnzanu amene sanabwere lero mgaŵireni njere za bonongwe ndi kumuwonetsa kafesedwe kake. Amene mufese mlungu uno mudzakhala mutadula timbande toyamba tsiku la sikelo ya mwezi wamaŵa lisanafike. Pamene pakuvutani, funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, ndipo adzakuthandizani.